Kanambala ka Pambali pa Dzina la Edwin

Mervis sanafune kutsegula gemuyo. Chala ndicho chinapita chokha, monga lilime lipitira pa dzino lobooka. Anali pakhonde la azakhali ake cha ku Namitambo, akusenda nandolo wamuwisi m'lichero. Mwana wake Yamiko anali mtulo m'nyumba, ndipo dzuwa linkaoneka ngati laima.

Gemu ya zombo za mumlengalengayo anamuphunzitsa ndi Edwin, mwamuna wake, masiku omwe ankasekabe limodzi ku Bangwe. Umakhala ndi chombo chako, umakumba miyala pa nyenyezi zakutali, ukagulitsa umakulitsa chombo. Cha Mervis chinali chonyamula katundu, chonenepa, choyenda pang'onopang'ono. Ankachikonda. Kumwambako kunalibe munthu womukalipira.

Chombocho anachipeza pomwe anachisiya. Koma pakona panali kaenvelopu kofiira. Anakadina.

"Moni mayi a Yamiko. Kani suli kutali. Ine ndimayesa wapita ku Lilongwe."

Lichero linapendekeka, nandolo n'kumwazikira pansi. Nkhuku zinathamangira. Mervis sanaziingitse.

Ku Bangwe anathawako m'mawa wina Edwin atapita ku kabaza ndi njinga yake yamoto. Anathawa diso lili lotupa, mkono sukutha kukwezeka, m'makutu muli mawu akuti tsiku lina adzatenga mwanayo ndipo mayi ake sadzamuonanso. Kwa amayi ake ku Kadewere sanapiteko, poti Edwin ankadziwa khomo lililonse kumeneko. Koma monga amachitira amuna ambiri, Edwin ankadziwa amalume ndi ankhoswe a kuchikazi basi. Abale a bambo ake a Mervis, omwe anamwalira kalekale, sanafunsepo n'komwe kuti ali kuti. N'chifukwa chake Mervis anadza kuno. Anasintha simu khadi ya m'foni. Sanauze mnzake aliyense.

Nanga wadziwa bwanji?

Anayang'ana pa mndandanda wa anzake a mu gemu. Pambali pa dzina la Edwin panali kanambala kakang'ono: 27. Kanambalako ankakaona kuyambira kale, koma ku Bangwe nthawi zonse kankakhala ziro, ndipo iye ankayesa kuti ndi mtunda wa pakati pa zombo zawo, poti ankauluka moyandikana.

Belu la njinga linalira. Anali Tikhala, mwana wa azakhaliwo, akuchokera kuchigayo ndi thumba la ufa pakaliyala. Anali atangolemba mayeso a folomu folo, ndipo pakamwa pake sipankauma.

"Asuweni, mwayamba ulimi wa nkhuku? Nandolo yenseyu mwazipatsa zokhazokha?"

Mervis anangomupatsa foni. Tikhala anawerenga, kuseka kuja n'kuzima.

"Alamu amenewa ali ndi mankhwala kapena?"

"Usaseke, Tikhala."

"Sindikuseka. Nanga twente seveniyu ndi chani?"

"Sindikudziwa. Mwina ndi zombo. Mwina ndi..."

Tikhala anatsitsa thumba la ufa n'kukhala pansi. "Aphunzitsi a Fizikisi ankati mwina si yankho. Tiyeni tiyese. Nditumizireni chigemu chanucho."

Anatumizirana. Tikhala anapatsidwa kachombo kakang'ono ka oyamba kumene, n'kukatcha Mbatata. Anatumiza pempho la ubwenzi, Mervis n'kuvomera. Dzina la Tikhala linalowa pamndandanda, pansi pa la Edwin, ndi kanambala kake: 0.0.

"Tsopano ife tikhale pompano," anatero Tikhala. "Inu thamangitsani chombo chanu chipite kutali, kuseri kwa dzuwa ngati n'kotheka."

Mervis anasankha nyenyezi ya kumapeto kwa mapu. Chombo chinanjenjemera, nyenyezi zinasanduka mizere yoyera, kenako kunada. Mumtima anapemphera kuti kanambalako kasinthe. Anayang'ana.

0.0.

"Mwina kamachedwa," anatero ndi mawu otsika.

Anadikira. Tambala analira kuseri kwa nyumba. Kanambalako sikanagwedezeke.

"Chabwino," anatero Tikhala. "Tsopano tisinthanitse. Zombo zikhale, anthu tiyende." Anaika foni m'thumba la siketi, gemu ili yotsegula, n'kukwera njinga kulowera cha kumjigo.

Mervis anatsala yekha ndi foni m'manja awiri. Anaona msana wa Tikhala ukuchepa pakati pa minda ya nandolo, mpaka unabisika. Anatsitsa maso.

0.2.

0.4.

Kanambalako kankakwera mosafulumira, ngati munthu wodziwa kuti palibe womuletsa. Pa 0.9 kanaima, kenako kanayamba kutsika. Pofika pa 0.1 anamva belu.

"Zachitika?" anafunsa Tikhala akupuma mwamphamvu.

Mervis anagwedeza mutu movomera.

"Kanambala kanu kwanga nakonso kamasuntha, kakuwerenga makilomita a pakati pathu. Ndiye kuti alamu sakufunika kufunsa njira. Angoyenda akuyang'ana. Ikakwera abwerere, ikatsika apitirire. Ngati galu wa uzimba."

"Ndizimitsa," anatero Mervis. "Ndizimitsa foni yonse."

"Zimitsani tione."

Anadina batani mpaka galasi linada. Tikhala anayang'ana pa foni yake. Dzina la Mervis linali litasanduka lotuwa, koma kanambala kanalipo.

"Mwina kangouma pompo," anatero Tikhala. "Dikirani." Anakweranso njinga.

Ulendo uno Mervis analibe choyang'ana. Analowa m'nyumba n'kuima pafupi ndi mphasa pomwe Yamiko anagona chafufumimba, kachala kali m'kamwa. Anamvetsera kupuma kwake. Anayang'ana chitseko. Chinali cha matabwa opyapyala, chotsekera chake msomali wokhota. Anadziwa mphamvu ya phazi la Edwin pa chitseko chotere.

Tikhala anabwerera osaliza belu.

"Asuweni," anatero atayima pakhomo. "Chimakumbukira. Foni yanu ili chizimire, koma ine ndikamapita imakwera, ndikamabwera imatsika. Chasunga malo omwe munali pomaliza."

"Ndiye ndimuchotsa. Ndimufufuta pa anzanga."

"Yambani mwafufuta ine."

Mervis anayatsanso foni. Zala zinkaterera pagalasi chifukwa cha thukuta. Anapeza dzina la Tikhala, anadina pochotsa, linasowa. Anatembenukira kwa msuweni wake. Tikhala anamuonetsa foni yake. Dzina la Mervis linali pompo, kanambala kali pambali pake.

"Mwachotsa kwanu kokha. Kwanga mpaka nditachotsa ndekha."

Apo ndi pomwe maso a Mervis anagwera pa dzina lomwe linatsala pamndandanda wake. Linali lowala, osati lotuwa. Pambali pake panalembedwa 19.

Anaphethira. Anapukuta galasi ndi chitenje. 18.

"Mayo," anatero Tikhala chapansipansi. Kenako anathamangira kudimba akukuwa, "Amayi! Amayi!"

Azakhali anabwera matope ali m'miyendo, khasu lili m'manja. Anamvetsera zonse maso ali pa Mervis. Za zombo sanazimve, koma zina zonse anazimva bwino.

"Taya m'chimbudzi chifonicho," anatero.

"Amayi, mukataya m'chimbudzi, alamu afikira pa chimbudzi chathu."

"Phwanya ndi mwala."

"N'chimodzimodzi. Chasunga kale kuti kuno."

Mervis ankawamva ngati akulankhulira m'chitini. 16. Anaona kuti njira inali imodzi yokha, ndipo sanaikonde. Foni ikazima, Edwin abwera pakhomo pano. Ikakhala yoyaka, atsatira foniyo kulikonse komwe ipite. Ndiye kuti iyeyo ayenera kuchoka nayo, ili yoyaka, n'kupita pamsewu pomwe palibe khoma, palibe chitseko ngakhale cha msomali wokhota.

"Azakhali," anatero, "mutenge Yamiko mupite naye kwa aneba. Asatuluke panja."

"Nanga iwe?"

"Ndikaizimitsira kwina."

"Kumanda," anatero Tikhala. "Akafufuze pakati pa mitanda."

"Iwe, pakamwa!" anakalipa azakhali.

"Kupolisi," anatero Mervis. Anadabwa kumva mawuwo akutuluka m'kamwa mwake. Chichokereni ku Bangwe azakhali ankamuuza kuti apite akanene, iye n'kumazengereza, poopa mafunso, poopa maso a anthu. Koma sakanatha kusiya kanambalako pakhomo la munthu wina wosalakwa, kapena pathengo pomwe Edwin akanangoyamba kufunsa ana a m'njira.

Tikhala anapalasa, Mervis ali pakaliyala pomwe panali patayera ndi ufa. Kaofesi kakang'ono ka polisi kanali pa malo a malonda, kumbali yomweyo komwe msewu wochokera ku Limbe umatulukira. Ankapita chokumana ndi Edwin.

"Ili pati?" anafunsa Tikhala osacheuka.

"Leveni."

"Alamu amathamanga chonchi ndi makasitomala omwe?"

"Palasa, Tikhala."

Msewu unali wafumbi, wa mabampu. Pa bampu lililonse mkono wopweteka uja unkabaya mpaka m'khosi. Anadutsa amayi atasenza nkhuni, ana akukankha galimoto za mawaya, bambo wina akuyanika fodya wa labu pakhonde. Onse anali pa tsiku lawo wamba. Mervis anawasirira.

8.

Njinga yamoto inamveka kutsogolo. Mervis anabisa nkhope pamsana pa Tikhala, ngakhale ankadziwa kuti eyiti ndi kutali. Inadutsa itanyamula mbuzi yomangidwa miyendo. Fumbi linawalowa m'kamwa.

Pachitunda Tikhala analephera. Anatsika onse n'kumakankha, akuthamanga. Patapata wa Mervis anaduka, iye anamusiya pomwepo. 5. Kanambalako tsopano kankatsika mofulumira, poti iye ndi Edwin ankakadya mbali zonse. Anaganiza zozimitsa, kungozimitsa pompano n'kulowa m'munda wa nandolo n'kugona pansi. Koma pamenepa panali pafupi kwambiri ndi kwawo, ndipo amayi a nkhuni aja anali atamuona bwinobwino.

Pamwamba pa chitunda anaona malata a masitolo akunyezimira. Anakweranso. Njinga inatsetsereka, unyolo ukulira, Tikhala akukuwira anthu kuti apatuke.

2.3.

1.6.

Anafika pa kanyumba ka mizere yoyera ndi yabuluu. Pakhonde panali wapolisi wamkazi, wonenepa, akudya nzimbe. Anawayang'ana: wina wopanda nsapato imodzi, wina thukuta lili chuchuchu.

"Mwagundidwa?"

Tikhala ndiye anayamba, za zombo, za nyenyezi, za kanambala, zonse pamodzi.

"Mtsikana iwe, pang'onopang'ono. Chombo cha ndani?"

Mervis anangokweza dzanja la bulauzi, n'kuonetsa mkono pomwe zala zinayi zinasiya mabala omwe anali asanathe kufufutika. Kenako anapereka foni.

"Mwamuna wanga. Akubwera. Nambala iyo ndi mtunda wake."

Wapolisiyo analavula zotsalira za nzimbe m'dzanja, n'kuyang'anitsitsa. 0.7. Anayang'ana mpaka inasanduka 0.5.

"Khalani apa," anatero, akumubwezera foni n'kuloza benchi kumbuyo kwake. Anaitana mnzake wamwamuna yemwe anali m'kati.

Mervis anaidziwa njinga ya Edwin asanaione. Inali ndi kaphokoso kake, ngati chitini chomasuka, komwe kwa zaka zambiri kankamuuza kuti aphule madzi osamba msanga. Miyendo yake inafuna kudzuka yokha. Tikhala anamugwira bondo n'kulikanikiza.

Edwin anatulukira pakona ya sitolo ya simenti, akuyendetsa pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi, maso ali pa foni. Anavala jekete lake lachikasu. Anapitirira pang'ono, anaima, anatembenuka. Anadzaima pamsewu moyang'anizana ndi khondelo, ndipo apo ndi pomwe anakweza mutu. Anaona mizere yoyera ndi yabuluu. Anaona apolisi awiri. Kenako anaona Mervis.

Anamwetulira. Kunali kumwetulira komwe ankasungira alendo.

"Mayi a Yamiko," anaitana mofatsa. "Mwana ali kuti?"

Mervis anagwira m'mphepete mwa benchi. Anayesetsa kuti maso ake asaloze ngakhale pang'ono kumbali komwe anachokera.

"Bambo, zimitsani njingayo mubwere kuno," anatero wapolisi wamkazi uja, akutsika pakhonde. "Tikambirane bwinobwino."

"Ndi nkhani ya m'banja iyi, amayi."

"Ee, ndi zomwe timakonda ife. Bwerani."

Edwin anayang'ana wapolisi wamwamuna, yemwe anali akuwerenga nambala ya njingayo mokweza, chilembo chimodzichimodzi. Kumwetulira kuja kunachoka. Anaika foni m'thumba, anaponda giya, njinga n'kuzungulira mofukiza fumbi, kubwerera komwe inachokera.

Mervis sanayang'ane msewu. Anayang'ana kanambala. 0.3. 0.8. Pa 2.0 kanaima, ndipo mtima wakenso unaima nako. Kanakhala pompo nthawi yaitali. Wogulitsa mandasi anadutsa. Kenako 2.4. 3.1. 5.

Anadina batani mpaka galasi linada, atakhala pabenchi pomwepo, kuti ngati gemuyo ikufuna kukumbukira malo, ikumbukire amenewa.

"Simubwerera panokha," anatero wapolisiyo. "Tikuperekezani madzulo, njira ina. Tsopano lowani, mundiuze kuyambira pachiyambi."

Tikhala analowetsa phewa lake kunkhwapa kwa mkono wabwino wa Mervis, n'kumuimiritsa, ndipo analowa onse awiri.