Ulendo wa a Rukia ku Nyumba ya Malamulo

Mafuta oteteza khungu a Mwanaisha anatha pakati pa mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Mtakataka limawotcha munthu ngakhale ali pamthunzi. Mayi ake, a Rukia, anadula botolo ndi mpeni n'kukokota ndi chala totsalira ta m'mbali. Timafutato tinangokwana kumaso kokha.

Mwanaisha anali mtsikana wachialubino wa zaka khumi ndi zinayi, ndipo anali mu Sitandade 8. Kusukulu unali ulendo wa ola lathunthu wapansi. Patangotha sabata imodzi osadzola, khosi lake linafiira n'kuyamba kusupuka, milomo inang'ambika, ndipo pakhutu lakumanja panatuluka kachilonda kosapola.

A Rukia anapalasa njinga kupita kuchipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Achipatala anawauza zimene ankazidziwa kale, zoti mafutawo amapezeka kuchipatala chachikulu cha kuboma, kuseri kwa mapiri. Ulendo wake unkadya tsiku lonse, ndipo nthawi zina munthu ankafikako n'kupeza atha.

"Basi mwanayu ayambe waleka sukulu mpaka mvula igwe," anatero bambo ake, che Twaibu, akusoka ukonde pakhonde. "Mayeso ndi moyo, chachikulu n'chiti?"

Mwanaisha anangowerama, misozi ikugwera pa kope limene linali pamiyendo pake.

Tsiku lomwelo kunabwera a Rozina, alangizi a zaumoyo amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pakhomopo. Analiyang'ana khutu la mtsikanayo kwa nthawi yaitali.

"Kachilonda aka musakatenge mopepuka, mayi a Mwanaisha. Tizilonda totere tikatilekerera timasanduka khansa. Lachinayi ndipita naye kuboma akamuone adokotala. Koma vutoli si la pakhomo pano pokha. Kuchokera ku Mua mpaka ku Golomoti ndikudziwa mabanja asanu ndi anayi amene akuvutika chimodzimodzi."

"Nanga tidandaule kwa yani?" anafunsa a Rukia. "Komiti ya pachipatala tinaiuza. A khansala tinawauzanso."

"Munachita bwino, poyambira ndi pamenepo. Koma amene amavomereza thumba la mankhwala la dziko lonse, n'kumafunsa a unduna mmene mankhwalawo akufikira kwa anthu, ndi aphungu. Nkhaniyi ikufunika ikafike ku Nyumba ya Malamulo."

Che Twaibu anaseka mpaka anaika ukonde pansi. "A Rozina, musatiseketse. Kumeneko n'kwa anthu a masuti. Ife onunkha usipa akatithamangitsira pageti pomwe."

"Ine ndinalowamo, che Twaibu, ndili pamaphunziro ku Lilongwe. Ndinalibe suti. Nzika iliyonse ikhoza kupempha kukaona nyumbayo ndi kumvera zokambirana. Mumalemba kalata kwa Mlembi wa Nyumba ya Malamulo, n'kutchula tsiku ndi mayina a anthu. Ngati muli ndi dandaulo, mumalilemba bwinobwino, onse okhudzidwa n'kusainira, ndipo mumalipereka kudzera mwa phungu wanu."

M'mawa mwake a Rukia anakwera njinga. Kwa masabata awiri anayendera mabanja onse aja. Mwanaisha ndiye analemba dandaulolo ndi dzanja lake, a Rozina akumuthandiza. Odziwa kulemba anasaina, ena anadinda chala. Pamodzi ndi achibale ndi anansi, mayina anakwana tsamba ndi theka. Kuboma adokotala anachotsa kachilonda kaja n'kunena kuti akapeza msanga, koma anachenjeza kuti popanda mafuta kadzatulukanso kena.

Atapereka dandaulolo kwa phungu wawo n'kutumiza kalata kwa Mlembi, yankho linabwera patatha masabata asanu. Komiti ya aphungu yoona za umoyo inali yokonzeka kuwamva, ndipo analoledwanso kuona nyumbayo.

"Ndipita nawo," anatero che Twaibu. "Akakuthamangitsani pakhale mwamuna wokubweretsani kuno." A Rozina anatumiza dzina lake kuti liwonjezedwe pa mndandanda wa alendo.

Ananyamuka m'mamawa anthu asanu ndi awiri: a Rukia, che Twaibu, Mwanaisha, a Rozina ndi makolo ena atatu. Pa Golomoti anakwera minibasi yokwera phiri la Khwekhwerere. A Rukia anali atavala mpango wawo woyera wa pa Idi, ndipo njira yonse ankangobwereza chamumtima mawu amene anakonza.

Anafika ku Lilongwe dzuwa litakwera. Atatsika galimoto n'kuyenda pang'ono, a Rukia anaima chilili pakati pa njira.

Nyumba ija inali patsogolo pawo. Ankaimva pawailesi chaka ndi chaka, koma m'maganizo mwawo inali ngati holo ya pasukulu yokulirapo. Apa anaona chinyumba chotambalala, cha mizati italiitali yoti anthu awiri sangaizungulire ndi manja, ndipo pamwamba pake panali denga lozungulira ngati mtanga wovundikira, likuwala padzuwa. Mbendera inkakupiza pang'onopang'ono.

"Mashallah," ananong'ona a Rukia. "Zoona anamanga ndi anthu zimenezi?"

Che Twaibu anayamba kutsalira m'mbuyo. Pageti panali apolisi. Wapolisi wamkazi anapempha ziphaso zawo za unzika, n'kuyang'ana pa pepala limene anali nalo.

"Ndinu alendo athu ochokera ku Mtakataka? Takulandirani. Mafoni muzimitse mukamalowa. Bambo, inunso dzina lanu lilipo, bwerani."

Che Twaibu anayang'ana kumbuyo kuti aone ngati akunena munthu wina.

Anakwera masitepe otakata n'kufika pakhomo lalikulu. Mkati munali mozizira ngati m'mbali mwa mtsinje. Pansi pankanyezimira moti Mwanaisha anaona chithunzi cha chipewa chake. A Rukia anawerama n'kuyamba kuvula nsapato, monga amachitira pakhomo la mzikiti.

"Ayi, mayi, valani," anatero bambo wina wa imvi amene anabwera kudzawalandira, akumwetulira mwaulemu. "Ulemu wanu tauona. Ine ndine Fatsani, ntchito yanga ndi kuyendetsa alendo. Muno muyende momasuka."

Akuyenda nawo, a Fatsani anawafotokozera mbiri yake. Anati kale aphungu ankakumana ku Zomba, m'nyumba yakale ya nthawi ya atsamunda, mmene poyamba munthu wakuda sankakhala nawo pokonza malamulo a dziko lake lomwe. Pambuyo pake anasamukira ku Lilongwe, ndipo kwa zaka zingapo ankakumana m'malo obwereka, kufikira nyumba iyi itatsegulidwa m'chaka cha 2010.

"Agogo athu ankangouzidwa kuti lamulo latuluka," anatero a Fatsani. "Sankafunsidwa. Inu lero mwabwera kudzafunsa, ndipo pali anthu amene ayenera kukuyankhani."

Anawakweza pamwamba, pamalo pamene pamakhala anthu odzamvera. Anawauza kuti pamenepo sawomba m'manja, sakuwa, ndipo sayankhira. A Rukia anasuzumira pansi. Mipando yambirimbiri inali itandandalikidwa mokhota, mzere pamwamba pa mzere, uliwonse ndi kachipangizo kake kolankhulira. Denga linali kutali moti khosi linawawa poliyang'ana.

Mwadzidzidzi onse anaimirira. Munalowa munthu atanyamula paphewa ndodo yaikulu yonyezimira ngati golide, akuyenda pang'onopang'ono. Pambuyo pake pankabwera a Sipikala atavala mkanjo. M'nyumba monse munangoti zii. A Rukia anagwira dzanja la Mwanaisha.

"Ndodo ija ndi chizindikiro cha mphamvu za nyumba ino," ananong'oneza a Fatsani. "Ikapanda kuikidwa patebulo paja, sangakambirane kanthu. Tsono taonani mzere wachinayi uko. Mpando umene akhalapo phungu wanu uja si wawo ayi. Ndi wa anthu a kwanu. Inu munangowatuma kuti akhalepo zaka zisanu."

Che Twaibu anatambasula khosi. Anauyang'ana mpandowo nthawi yaitali osaphethira.

Atapemphera, aphungu anayamba kufunsa mafunso. A Rukia sankamva Chingerezi, koma Mwanaisha ankawatanthauzira ndi mawu apansipansi. Phungu wina anafunsa za mlatho, wina za mabuku a ana asukulu. Nduna inkaimirira n'kuyankha. Chimene chinawadabwitsa a Rukia n'chakuti munthu wamkulu ngati nduna ankafunsidwa kawiri katatu, ndipo ankaimirirabe n'kuyankha. Phokoso likabuka, mawu amodzi a a Sipikala ankakhazika anthu onsewo pansi.

Masana anawalowetsa m'chipinda china chocheperapo. Aphungu khumi ndi awiri anakhala mozungulira tebulo lalitali. Wapampando wa komitiyo, mayi wa magalasi, anali ndi dandaulo lija m'manja.

"Amene alankhule ndi a Rukia Twaibu. Mayi, nthawi ndi yanu."

A Rukia anaimirira. Mawu onse amene anakonza panjira anathawa. Ankangoona matayi ndi mapepala.

"Musaope, mayi," anatero wapampando uja m'Chichewa. "Lankhulani monga mumalankhulira kwanu. Takhala pano kuti timve inu."

A Rukia anapuma mozama. "Zikomo, a wapampando. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndimaumitsa nsomba. Uyu ndi mwana wanga. Nzeru ali nazo, amakhala nambala wani kapena thuu. Koma dzuwa limene anzake amasewerapo, iyeyu limamudya thupi. Mankhwala ake alipo, ndi mafuta chabe. Koma kuti tiwapeze timakwera phiri tsiku lonse. Katemera wa ana amafika pachipatala chathu. Mankhwala a malungo amafika. Ndiye tabwera tidzafunse kuti galimoto yomweyo singanyamulenso mafutawa?"

Anatembenukira kwa mwana wawo. Mwanaisha anaimirira, anavula chipewa chake cha khonde, n'kutembenuza mutu kuti onse aone chipsera cha pakhutu ndi khosi losupuka lija.

"Ndikufuna kulemba mayeso anga chaka chikubwerachi," anatero. "Sindikufuna kusankha pakati pa sukulu ndi khungu langa."

Phungu wina anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Kenako mpando unakhuluma kumbuyo. Anali che Twaibu, atakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Pepani akuluakulu, ine sindinali pa mndandanda wolankhula. Ndine bambo wake. Ine ndi amene ndinanena kuti aleke sukulu. Ndinatero chifukwa ndinkaona kuti kulibe kumene tingakanene. Ndinalakwa. Mutithandize."

Aphungu anafunsa mafunso ambiri. A Rozina anapereka chiwerengero cha anthu achialubino a m'dera lawo ndi kutalika kwa ulendo wa kuboma. Pomaliza wapampando anati: "Sitikunamizani kuti mafuta afika mawa. Komiti siigawa mankhwala. Koma tiitana akuluakulu a zaumoyo adzatiyankhe, ndipo tilemba lipoti lopita m'nyumba mwalowa muja. Mudzalandira kalata yokuuzani pamene nkhani yafika. Mukaona kuti tachedwa, mutikumbutse. Umenewo ndi ufulu wanu."

Pobwerera a Rukia anali okhumudwa. Mumtima ankayembekezera kuti mwina abwerako ndi katoni m'manja.

"Zinthu za boma zimayenda ndi ndondomeko, mayi a Mwanaisha," anatero a Rozina. "Chachikulu n'chakuti nkhani yathu yalembedwa. Tsopano tisagone."

Sanagonedi. Mu Januwale analemba kalata yokumbutsa. Mu Febuluwale anapita kukaonana ndi phungu wawo atabwera kumudzi. Nthawi yonseyi makolo ankasinthana kukwera phiri kukatengera ana onse mafuta, kuti pasapezeke wojomba kusukulu.

Mu Epulo, Lachiwiri lina m'mawa, a Rozina anafika pakhomo akupalasa njinga mothamanga.

"Mayi a Mwanaisha! Tengani buku la kuchipatala la mwana. Mafuta afika pachipatala chathu! Makatoni atatu. Ndipo akuti dokotala wa khungu azibwera mwezi uliwonse."

A Rukia anakhala pansi pomwepo n'kuphimba nkhope ndi mpango. "Alhamdulillah," ankangobwereza choncho. Mwanaisha analemba mayeso ake khungu lili bwinobwino, ndipo anasankhidwa kupita kusekondale.

Pamsonkhano wa makolo wotsatira, anthu anapempha a Rukia kuti afotokoze mmene anachitira. Anaimirira opanda mantha.

"Abale anga, nyumba ija ndi yaikulu, ndipo ukaiona umaopa. Koma ndi yathu. Vuto likakukulirani, yambani ndi komiti ya kwanu ndi a khansala. Likafuna lamulo kapena thumba la dziko, lilembeni, musainirane, mupereke kwa phungu wanu, ndipo muzikumbutsa mpaka muyankhidwe. Voti si mapeto a ntchito yathu. Amene tinawatuma aja amayembekezera kumva kwa ife, ndipo ife tikakhala chete, iwo sangadziwe pamene pakutipweteka."