Nsomba ya M'mwala

Hamala inatsika kachiwiri, bokosi la zigoba za m'nyanja n'kuphwanyika, tizidutswa mbwee mpaka kunsi kwa kabati. Mwana wamwamuna wa malemu, amene pakhomo ankangomutcha Bulu chifukwa cha liuma lake, sanapume n'komwe. Panali patangotha masiku anayi chiikireni bambo ake m'manda.

"Achimwene, mwapenga kodi?" anakuwa mlongo wake, atatchinga tebulo ndi thupi lake.

Patebulopo panali mwala wathyathyathya wokhala ndi mafupa a nsomba yakalekale, ya m'nyanja imene inaphwa anthu kulibe. Bambo awo ankagwira ntchito kunyumba yosungirako zinthu zakale zachilengedwe, ndipo anatha zaka zisanu ndi zinayi akuukanda mwalawo ndi singano, nthiti imodzi pamwezi. Fumbi la miyala ndilo linawadya mapapo. Atayamba kudwala, akuntchito anawalola kudzaumalizira kunyumba. Tsopano kunali kutatsala tsiku limodzi kuti ofufuza abwere kudzautenga kuti aone mmene nyanjayo inasinthira isanaphwe.

"Choka apo! Mwala wadya bambo uwu, ndiye ukagone m'galasi anthu azikauwombera m'manja?"

"Ndi ntchito yawo yomaliza. Muyambe mwandipha ineyo."

Bulu anamugwira tsitsi n'kumuponyera kukhoma. Mlomo unang'ambika, magazi n'kudonthera pabulauzi. Mlongoyo naye sanali wamasewera, anadzambatuka n'kumuluma dzanja mpaka mano kulowa. Koma hamala inali itanyamuka kale. Phwaa! Nsomba ija inagawika pasanu ndi pawiri, mutu uku mchira uko.

Chisoni chimene Bulu ankayesa kuti chituluka ndi hamala chinali chikhalire pachifuwa, tsopano chitaphatikana ndi manyazi.

"Wina asasunthe phazi," anatero mayi awo ali pakhomo. Sanakalipe. Analambalala zidutswa, natsegula kabati, natulutsa kapu yadothi yodzaza mizere ya guluu. Chidutswa chilichonse chinali ndi kanambala kake ka inki.

"Iwe Bulu, ukuikumbukira iyi? Unawagenda nayo bambo ako uli ndi zaka khumi ndi zisanu, n'kuwatema pamphumi. Ine ndinathamangira lamba. Iwo magazi ali chuchuchu anangoti, 'Mayi a ana, chinthu chikasweka timayamba tawerenga zidutswa, mkwiyo udikire.' Amweramo tiyi m'kapu imeneyi mpaka tsiku lopita kuchipatala."

Anatenga cholembera cha malemu pawindo n'kumufumbatitsa mwana wawoyo. Bulu anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagwada pansi.

Mlongo wake anapukuta mlomo ndi kuseri kwa dzanja, naloza ndi chala.

"Yambirani kumutu. Bambo ankayambira kumutu."

Bulu anatola mutu wa nsomba ija, naupemerera fumbi pang'onopang'ono monga ankachitira bambo ake. Anautembenuza ndi dzanja lolumidwa lija, nalemba nambala yoyamba.