Hutala ya Basi Pakati pa Phunziro

"Amai Eneless, chotsani nkhata kumutu! Muno ni m'kalasi, si pa siteshoni," anatero aphunzitsi a Mwiya.

Eneless anaichotsa nkhatayo, koma sanaiike patali. Anaikhalira.

A Mwiya anali mphunzitsi wochokera kutali ku Mongu, amene boma linawatumiza ku Kacholola. Masana ana akaweruka ankaphunzitsa amayi khumi ndi awiri ogulitsa nthochi pamsewu waukulu. Tsiku limenelo kumbuyo kwa kalasi kunakhala amayi Chimuka, woyendera sukulu za akuluakulu, amene anachokera ku Petauke ndi faelo yakuda. Mawu awo anali atamveka kale: akapeza kuti palibe chimene chikulowa m'mitu, sukulu itsekedwa ndipo mabuku apita kwina.

Vuto linali mabasi. Kuyambira pamene zipani zinachuluka, aliyense wopata analoledwa kuika basi yake pamsewu, ndipo mabasiwo sankadziwa wotchi. Ankaima mphindi zochepa n'kumapita, ndipo wofika msanga pawindo ndiye ankagulitsa. N'chifukwa chake mabeseni a nthochi anali atandanda pakhomo pa kalasi. Dzulo lake a Mwiya anachonderera mpaka mawu kusasa, ndipo amayi onse analumbira kuti kwa ola limodzi lokha adzakhala ogontha.

Amene analumbira ndi mtima wonse anali Ana, mkazi wa Mateus. Iyeyu anabwera ali mtsikana kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo nkhondo itatha banja lake linangokhazikika n'kumalima. Asanayambe sukulu iyi anali asanakhalepo pa benchi ya kalasi, ndipo ankaikonda moti anzake ankamuseka kuti adzakwatiwa ndi bolodi.

A Mwiya analemba zilembo zikuluzikulu: RUSH.

"Mawu awa atanthauza kuthamangila chinthu mwaphuma, monga munthu wochedwa. Aliyense azapanga chiganizo chake m'Chingelezi," anatero.

Kunena zoona, kusankhira anthu amenewa mawu amenewo kunali ngati kuphunzitsa nkhuku kupalasa.

"Aphunzitsi, tiphunzitseni chabe kalembedwe," anatero Eneless. "Kachitidwe kake tingakuphunzitseni ise."

Kalasi inaseka. Amayi Chimuka sanaseke.

Woyamba kuitanidwa anali Perpetua. Anaimirira, anamanga chitenje bwinobwino, natsegula pakamwa. "I... I..."

Pii! Piiii!

Inali hutala, ndipo si ya basi imodzi ayi. Mabasi awiri ochokera ku Lusaka ankatsetsereka motsatizana, odzaza ndi anthu a kumapeto kwa mwezi. M'kalasi munangoti zii. Maso onse anali pa bolodi, koma makutu anali atafika kale pamsewu. Phazi la Eneless linayamba kugogoda pansi lokha.

"Munalumbila!" ananong'ona a Mwiya.

"Bambo, fodya wako ni uyo ali pamphuno," anayankha Eneless, nkhata ili kale kumutu.

"Liwilo la mumchenga n'kuyambila pamodzi!" anakuwa Perpetua, n'kudumpha benchi.

Zinangochitika ngati kuphethira. Makope anagwa, patapata wina anatsala pakhomo, fumbi linati koboo. M'kalasi munatsala a Mwiya, amayi Chimuka, ndi Ana amene anagwira benchi ndi manja onse awiri kuti miyendo isamuthawitse. Mtima unkamupweteka, chifukwa nthochi zake zinali zitachita kale mawanga ndipo sizikanafika mawa.

Amayi Chimuka anatseka faelo. "A Mwiya, ine sindinatseke sukulu yanu. Yazitseka yokha."

A Mwiya anangoyang'ana choko chawo.

"Amai, osatseka!" Ana anaimirira. "Nifunseni ine. Nilipo."

"Munthu mmodzi si kalasi."

"Koma nifunseni chabe."

"Chabwino. Chiganizo chanu."

Ana anati, "My friends rush to the bus." Anapuma pang'ono, kenaka anawonjezera china chimene palibe amene anamuphunzitsa. "I do not rush. I want school."

Amayi Chimuka anamufunsa, "Nanga imwe mulibe nthochi?"

"Nili nazo, izo zili pa..." Ana analoza pakhomo, mawu n'kuthera m'kamwa. Beseni lake panalibe. "Mayo ine! Anibela!"

Anathamangira pawindo, amayi Chimuka pambuyo pake. Kumsewu kunali chipwirikiti. Pakati pa gululo panali Eneless, beseni lake kumutu, la Ana m'chiuno, akudutsa anzake ngati alibe katundu n'komwe.

"Eneless! Mfiti iwe, wanitengela!" Ana anakuwa, akuseka, misozi ili m'maso.

"Nenani m'Chingelezi zimene muona," anatero amayi Chimuka. "Msanga!"

"Eneless rush to the window! Perpetua rush, she fall down! The driver rush to Chipata!"

"Pali zolakwika, koma tizakonza!" anafuula a Mwiya, akuomba m'manja mpaka choko kuthyoka.

Mabasi atanyamuka, amayi aja anabwerera akupuma wefuwefu, mitu ili pansi ngati ana oswa mbale. Anapeza amayi Chimuka ataima pakhomo, dzanja litatchinga njira.

"Palibe wolowa popanda chiganizo."

Ndiye munthu akanamva! M'ziganizo zawo, wina anathamangira kuchipatala ndi mwana, wina kuchigayo, wina kumunda kukapirikitsa anyani. Chingelezi chake chinali chotsimphina, koma aliyense anali ndi chake, chifukwa aliyense ankanena za moyo wake. Eneless analowa pomalizira, naponya beseni lopanda kanthu pamapazi pa Ana.

"Zako nagulitsa poyamba, zenze zakupsa maningi," anatero. "Nenze niziba kuti iwe sunyamuka olo bomba iphulike."

Amayi Chimuka anatsegulanso faelo. Analemba kuti sukulu ipitirire, koma basi ikaima phunziro liziima kaye, chifukwa njala siwerenga bolodi. Kenaka anati pafunika mtsogoleri wa kalasi woti asaine pansi pa dzina la mphunzitsi, ndipo asanamalize kulankhula, zala khumi ndi chimodzi zinali zitaloza kale Ana.

Ana anapukuta dzanja pachitenje, nalandira cholembera. Dzina lake linali la zilembo zitatu zokha, koma chilembo choyamba chinamutengera nthawi yoti basi n'kuima n'kunyamuka. Amayi onse anamuzungulira, thukuta likadali kutsika, atagwira mpweya. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamufulumizitsa.