Filiji ya Amayi ndi Gemu ya Kabaza

1.
Filiji inatuluka m'nyumba mwathu Lachiwiri, itagonekedwa pa wilibala ngati wodwala. Amayi anaiperekeza mpaka pakhomo pa Anachisale, aneba athu, amene anaigula K350,000 pa pangano limodzi: tikabweza ndalamayo Okutobala asanafike, filiji idzabwerera kwathu. Okutobala ndiye mwezi wa mafilizesi. Mafilizesi ndiwo anandilipirira sukulu mpaka digiri.

2.
Kumene filiji inapita:
laputopu yakale, batire lake la mphindi makumi anayi
wojambula, amene anajambula mbuzi yooneka ngati galu
mabandulo
woimba gitala wa kutchalitchi, kanyimbo kamodzi
kulembetsa pa sitolo ya pa intaneti
mabandulo
mabandulo

3.
Gemuyo ndi ya pafoni. Iwe ndiwe wakabaza ku Ndirande. Wanyamula mayi amene wasenza dengu la mazira. Zemba maenje, zemba mbuzi, zemba minibasi yoima paliponse pamene yafuna. Ukalephera, foni imada nkulemba mawu amodzi: Wagwa.

Ndinaipanga ine, Tionge, miyezi isanu ndi iwiri, nditatopa ndi kulemba makalata ofunsira ntchito.

4.
Aphunzitsi athu kukoleji ankati kope loyamba la gemu limadya ndalama zonse, lachiwiri silidya kanthu. Ndinawafotokozera Amayi tikusenda mbatata.

Ndiye ukagulitsa imodzi, imatsalabe? anafunsa Amayi.
Imatsalabe, Amayi.
Ukagulitsa handiredi?
Imatsalabe.

Anaika mpeni pansi. Zaka makumi awiri akugulitsa zinthu zosungunuka, anali asanamvepo za katundu wamakhalidwe abwino chonchi.

5.
Pa intaneti mtengo ndi K2,000. Eni sitolo, amene ali kunja ndipo za Ndirande sanazimvepo, amatengapo K600. Yotsalayo ndi yanga yonse. Koma wogula ayenera kukhala ndi khadi la kubanki.

Ogula mwezi woyamba: ine. Aphunzitsi aja. Munthu wina wa ku Finland, amene analemba kuti galuyo ndi wokongola.

6.
Atatu.

7.
Amalume a Bizwiki, achimwene awo a Amayi, ali ndi benchi ya zamafoni mumsika, ndipo akayamba kulankhula sapuma. Iwe mwana wa mlongo wanga tamvera ine ndagulitsapo makaseti ndagulitsapo masidi ndawaona akubadwa ndawaona akufa munthu wa kuno ndalama yake saiponya m'mwamba amafuna chinthu achigwire achitembenuze achigwedeze pakhutu anene kuti chadula umuchotsereko K200 achoke akusangalala kuti wakupusitsa ndiye gemu yakoyo tiike m'memole ya foni memoleyo m'kabokosi kabokosiko tikamatepo chithunzi cha galu uja

Ndi mbuzi, amalume.

8.
Pabenchi mtengo ndi K5,000.
memole, K3,200
kabokosi ndi chithunzi, K700
amalume, K800, popeza lendi ya benchi sidziwa kuti ndine mwana wa mlongo wawo
ine, K300

Kuti filiji ibwerere: timabokosi 1,167. Tinagulitsa 41. Ena mwa ogulawo ankafufuta gemu yanga nkuikamo nyimbo za kwaya. Zinadziwika kuti memole yathu inali yotchipa mumsika monse.

9.
Amayi, pokhala alibe chouma choti agulitse, anayamba kukakhala pabenchi kuthandiza amalume. Aliyense wapamsika amaudziwa mwambo wa banyira: ukagula mulu wa tomato, wogulitsa amakuponyeramo mmodzi waulere. Tsiku limodzi lokha linawakwanira Amayi kuphunzira kutumiza gemu kuchoka pafoni ina kupita ina.

Amene analandira banyira:
mkazi wa wogula
woperekeza wogula
wongofunsa mtengo
akabaza onse apasiteji
amayi a kwaya
mzere wonse wakumbuyo pamaliro a kwa a Lipenga

10.
Pakati pa Seputembala ndinakwera minibasi ndipo kanyimbo ka gitala kaja kankalira m'mafoni anayi. Kondakitala anaiwala kundipatsa chenji chifukwa mugemumo anali pafupi kudutsa pamlatho ndi mazira onse. Ndinatsika pamsika. Pabenchi ndinapeza amalume atagwira tsaya.

Mlongo wangayu wandipha, anatero. Sabata yonse palibe kabokosi kachoka pano.
Amayi, mwagawa katundu wanga, ndinatero ine.
Watha? anafunsa Amayi.
Sanathe, koma
Unanena wekha kuti lachiwiri silidya kanthu.
Likudya ogula, Amayi.

Amayi anabwerera pafoni yawo. Anali otanganidwa kuzemba mbuzi.

11.
Kwatsala masiku khumi ndi awiri. Filiji ikulira bwinobwino kwa Anachisale, ndimaimva ndili kuchipinda kwanga. Dzulo Anachisale anadutsa pakhomo pathu atasenza shuga ndi mpukutu wa timapepala ta mafilizesi, ndipo anatipatsa moni wautali kwambiri.

Ndikudziuza ndekha: uli ndi digiri, Tionge. Unawerengera eni sitolo, unawerengera memole, unawerengera amalume. Amayi ako sunawawerengere.

12.
Wagwa.

13.
Amayi, Lolemba m'mawa, akumasula mfundo ya chitenje pamwamba pa tebulo:

Khala pansi, iwe. Ukafuna kugulitsa mafilizesi pasukulu, loyamba umapatsa mwana wolongolola kwambiri, aziyamwa ataima pageti. Ndachita zimenezi zaka makumi awiri, sindinazilembere mayeso. Sabata yonseyi ndazungulira msika. Ndimawauza kuti taonani, anthu onsewa maso ali pamsewu wa mugemu ya mwana wanga, ndipo mumsewumo mulibe chikwangwani ngakhale chimodzi. Abutchala apereka K40,000, akufuna dzina lawo pafupi ndi galu. Asaluni K30,000. Wokonza njinga K30,000. A Matiki okhoma mabokosi a maliro apereka K250,000 osanenerera ngakhale tambala. Iwowo m'mbali mwa msewu sakufunamo. Akufuna paja foni imada nkulemba kuti Wagwa. Pansi pake uikepo dzina lawo ndi nambala ya foni. Anandifunsa kuti munthu amagwa kangati patsiku, ndinati ine ndekha kamakumi atatu. Apempha kuti uwonjezere maenje.

Ukatha kulemba zikwangwanizo undipatse ndikagawenso, paja lachiwiri silidya kanthu. Koma uyambe wakabwereka wilibala.