Mitanda ya M'kope la Asiya

Chaka cha 1975 ananditumiza kukaphunzitsa Sitandade 2 pa kasukulu kena ka mishoni cha kwa Mposa. Ine Willard, mwana wa ku Utale, ndinafika ndi satifiketi yatsopano, chikwapu cha nsungwi ndi cholembera chofiira. Ndinali mphunzitsi woopsa, ndipo kuopsako ndinkakuyesa nzeru.

Tsiku loyamba ahedi athu, a Hudson, anandilozera kamtsikana kofunda mpango kumutu, katakhala pansi kutsogolo kwenikweni.

"Uyo ndi Asiya," anatero ahedi. "Mudzi wawo ndi wa Asilamu okhaokha, ndipo mtsikana woyamba kutipatsa ndi ameneyu. Akachoka, a kumudziko sadzatipatsanso wina. Komanso a ku ofesi ya maphunziro adzafunsa kuti wachokera m'kalasi la ndani."

Asiya anali wochangamuka mutu. Ndikafunsa pakamwa kuti seveni kuphatikiza faifi ndi zingati, mkono wake unkakhala utakwera kale anzake akuwerengabe zala za kumapazi. Koma m'kope zinali zamanyazi. Ine ndalemba pabolodi samu yophatikiza, iye ankakopera yochotsera, n'kuyika yankho losagwirizana nayo: 7 – 5 = 12. Ndinkathetha ndi cholembera changa chofiira, mtanda waukulu woti auone bwino, kenako zikwapu ziwiri m'manja. Mawa lake, zomwezo. Zinkandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa mwana wopusa umamumvera chisoni, koma wanzeru akamalakwa dala umaona kuti ndi mwano.

Mwezi wachitatu kunayamba kubwera munthu wina. Ankafika panjinga cha m'ma naini koloko, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana ndi zenera la kalasi langa. Jekete lakuda, kofia yoyera kumutu, moni osapereka. Maso ake ankakhala pabolodi. Ndikalemba, iye ankasuzumira. Belu la buleki likalira, ankakwera njinga n'kumapita.

Masiku amenewo munthu wokuyang'anitsitsa sunkamufunsa dzina. Tinali titangomva za mphunzitsi wina cha ku Balaka amene anatengedwa ndi galimoto yopanda nambala, ati chifukwa anapukuta bolodi ndi chidutswa cha nsalu ya chipani. Ndiye ine ndinayamba kuika khadi la chipani m'thumba la pachifuwa, nsonga yake ikuonekera. Chithunzi cha Pulezidenti cha pakhoma ndinkachipukuta kawiri patsiku. Nyimbo za m'mawa ndinkaimbitsa mpaka mawu kusasa.

Ndinafunsa ahedi za munthuyo. Iwo osadzutsa n'komwe mutu pa zimene ankalemba, anangoti, "Pali chimene mwalakwa, a Willard?" Ndinatuluka ndikudziwa kuti amutuma ndi iwowo. Madzulo ake mnzanga Amosi, wa Sitandade 4, anandifunsa mocheza kuti agogo anga anachoka ku Mozambiki chaka chanji. Ndinati nayenso ali momwemo, ndipo ndinasiya kudya naye. Ngakhale ana ndinayamba kuwakayikira, makamaka Asiya, amene ankati munthu uja akafika, mkono osakwezanso, mutu n'kuzyolika. Ndinkati kamwanaka kakudziwa kanthu.

Kenako Asiya anajomba masiku atatu, ndipo munthu uja nayenso sanaoneke. Lachinayi pa buleki, ana atatuluka, ndinangoona mthunzi pakhomo. Anali yemwe uja, ndipo ulendo uno analowa. Ndinasolola khadi lija n'kuliika patebulo asanalifunse.

Sanaliyang'ane n'komwe. Anapisa m'jekete, n'kutulutsa kope lokutidwa ndi pepala la simenti.

"Aphunzitsi, ine ndine Usumani, bambo wake wa Asiya. Ndabwera kudzatsanzika. Mwana uja sabweranso."

Mantha aja anachepa, koma nthawi yomweyo ndinakumbukira mawu a ahedi.

"Chalakwika n'chiyani, Che Usumani?"

Anatsegula kopelo n'kumatembenuza masamba limodzilimodzi, chala chikugunda pa zofiira zanga.

"Msalaba. Msalaba. Apanso msalaba. Abale anga anandiuza kuti kumishoniko akamusandutsa Mkhirisitu, ine n'kukana. Ndinati iyayi, akaphunzire, adzatiwerengere makalata. Ndinangomulangiza chinthu chimodzi: mwanangu, zonse ukalembe, koma msalaba usakalembe ndi dzanja lako. Tsono ndakhala pamtengo paja milungu itatu, ndadzionera ndekha. Inu mumalemba msalaba pabolodi. Mwana akakana kuulemba, mumamumenya, n'kumulembera nokha waukulu wofiira."

"Iyayi bambo, umenewo si mtanda wa kutchalitchi. Chofiiracho chimangotanthauza kuti walakwa samu."

"Nanga wapabolodi uja, wokhala pakati pa manambala?"

Ndinakoka kope lija n'kuyang'ananso. 7 – 5 = 12. 6 – 3 = 9. 8 – 8 = 16. Mwanayo ankalemba kamzere kogona kokha, koimirira n'kukasiya, kuti pasakhale mtanda. Ndinabwerera ku tsamba loyamba, ndikuika m'maganizo kamzere kosowako. Panalibe samu ngakhale imodzi imene analakwa.

Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire. Ndinatola zidutswa ziwiri za choko, china n'kuchigoneka patebulo, china n'kuchisanjika pamwamba pake mopingasa.

"Chizindikiro chimenechi chimangonena kuti ichi tachiika pamodzi ndi ichi. Kuphatikiza basi. Mulibe pemphero m'menemu."

Che Usumani anayang'ana chokocho nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana ine. Ankandikayikira monga mmene ine ndinkawakayikira iwo, ndipo anali ndi zifukwa zomveka kuposa zanga.

Ndinatenga cholembera chija n'kuyamba kuchonga samu iliyonse, pambali pa mtanda uliwonse, iwo akuona.

"Nanga kameneko n'kachiyani?" anafunsa.

"Kameneka ndiye kuti wakhoza."

"Zonsezi?"

"Zonse."

"Kuyambira tsiku loyamba?"

"Eya."

"Ndiye mumamumenyeranji?"

Funso limenelo ndilibe yankho lake mpaka lero. Ndinangoti ndalakwa ndine, ndipo ndinawapempha kuti mwanayo abwerere. Ndinalonjeza kuti m'kalasi langa pakati pa manambala ndizilemba mawu akuti "ndi", kufikira iwo atakafunsa kwa ashehe za chizindikirocho. Ndinatinso wolakwa samu ndizimuzunguliza kamkombero, osati kumuthetha. Sanavomere, sanakane. Anatenga kope lawo n'kukwera njinga.

Lachisanu malo a Asiya anali opanda munthu. Loweruka ndi Lamlungu ndinangokhala khuma pakhonde. Amosi anabwera ndi chinangwa chootcha, ndipo ndinadya naye osamuuza zimene ndinkamuganizira.

Lolemba ndikulowa m'kalasi, ndinaona kampango kaja kutsogolo. Kunja, pansi pa mango paja, njinga inali itatsamira mtengo, mwini wake ali pomwepo. Chikwapu ndinali nditachisiya kunyumba. Ndinalemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu zoti ziwerengeke mpaka pamtengo: 7 ndi 5. Ana anaseka poona samu yachilendoyo. Ena amene sankayankhapo chiyambire anayamba kuwerenga zala mokweza, poti tsopano samuyo inkamveka ngati mmene amalankhulira kwawo.

Asiya anamaliza woyamba, monga mwa nthawi zonse. Anadzuka n'kubwera kutebulo kwanga, kope lili m'manja. Analemba bwinobwino: 7 ndi 5 = 12. Ndinatsegula cholembera kuti ndichonge, mtima uli mbee, ndikufuna kumuyamikira pamaso pa anzake onse.

Nditadzutsa mutu, ndinapeza atatambasula kale kadzanja kake, chikhatho chili m'mwamba, maso atatsinzina, akudikira zikwapu zake ziwiri.