Kadengu ka a Swaibu

Bondo la a Mateyu litatupa, adokotala a ku boma anawaletsa kupalasa njinga mpaka nyengo ya manachesi ithe. Inali nkhani yovuta, poti bizinesi yawo yonse inkayendera njingayo: kutsika zitunda za kwa Kanduku, kukaonana ndi ogula, kupangana ndi madalaivala a maminibasi. Mwana wawo Fyness, amene amagwira ntchito ku Blantyre, ndiye anabweretsa nzeru. Anawapezera mtsikana wa ku Lilongwe dzina lake Thandie, wothandiza eni mabizinesi ang'onoang'ono pa foni. Iyeyo aziyankha ogula, azilandira maoda, azikonza mayendedwe a matumba.

"Wantchito wosamuona nkhope ndimutuma bwanji?" anafunsa a Mateyu.

"Mmene mumanditumira ine," anayankha akazi awo, a Deliwe. "Nanga ine mumayamba mwandiyang'ana nkhope?"

M'mawa uliwonse a Deliwe ankasesa pabwalo khutu lili kukhonde, kumene amuna awo ankajambula mawu opita kwa Thandie. Ankayamba ndi kufunsa za makolo ake, za kuzizira kwa ku Lilongwe, za tulo, kenako kumufunira madalitso. Ntchito yeniyeniyo inkabwera kumapeto, kochepa ngati mchere wopempha kwa aneba. Koma mtsikanayo anali wochangamuka. Matumba ankanyamuka pa tsiku lake, ndipo ogula atsopano anayamba kuimba kuchokera ku Limbe.

Kenako a Swaibu anakhala chete.

A Swaibu anali ndi shopu pa boma, ndipo kuyambira Fyness ali kumsana ankagula pafupifupi theka la manachesi a m'munda wa a Mateyu. Matumba awo oyamba analandira, koma oda yachiwiri sinabwere. Mitengo inali italemedwa, zipatso zina zitayamba kugwa zokha. A Mateyu anasiya kumaliza tiyi wawo. Sizinali zipatso zokha zimene zinkawadetsa nkhawa, a Deliwe ankadziwa.

"Mwina mwanayu wawayankhula mwano," anatero a Mateyu tsiku lina. "Ana a m'tauni moni wawo ndi wa chala chimodzi."

"Mufunseni, musanamuweruze."

Anamuimbira, foni ili pamphasa kuti onse amve. Thandie anafotokoza mwaulemu. Anawaimbira a Swaibu Lachisanu masana, sanayankhe, iye anapitiriza kuimba mpaka anayankha. Anawauza tsiku lobwera matumba, matumbawo anafikadi. Kuyambira pamenepo amangoyankha kuti tiona.

"Lachisanu masana," anatero a Mateyu chapansipansi. "Munthu ali ku mzikiti."

"Nanga kadengu kanapita?" anafunsa a Deliwe.

"Kadengu kati, amayi?"

A Deliwe anayang'ana amuna awo. A Mateyu anayamba kuyang'anitsitsa bondo lawo ngati kuti angoliona kumene.

Zaka zonsezo, matumba akamapita, a Mateyu ankathyola okha manachesi a mumtengo wa kuseri kwa khola la mbuzi, otsekemera koposa onse, n'kuwaika m'kadengu, n'kukamangirira kutsogolo kwa njinga. Kanali ka a Mwanasha, akazi a a Swaibu, amene amadwaladwala. Akafika pa shopu ankakaika pansi pa kauntala osanena kanthu, n'kuyamba kufunsa za odwalawo. Za mitengo ya matumba zinkabwera tiyi atamwedwa.

"Zimenezo si za bizinesi," anatero a Mateyu. "Chabwino sachiimbira ng'oma. Woona zam'seri alipo."

"Alipodi," anavomera a Deliwe, "koma Thandie ali ku Lilongwe. Moni mumamupatsa wokwana mudzi wonse, chomuthandiza mwabisa m'thumba."

Pa foni panamveka kaphokoso ka munthu amene akuyesetsa kuti asaseke.

A Mateyu anatambasula dzanja kuti awaimbire okha a Swaibu, koma Thandie anapempha. "Bambo, ndiloleni ndikonze ineyo. Mukaimba inu, mawa ndidzalakwitsanso kwina. Mungondiuza mmene mumachitira."

Zinawavuta a Mateyu. Anatsokomola, anayamba ndi za nyengo, a Deliwe anawabweza. Pomaliza ananena zonse, mawu akutuluka ngati minga yozulidwa kuphazi: tsiku losaimba, dzina la odwala, mtengo wa kuseri kwa khola. Thandie anapangana ndi a Masauko, amene ankanyamula matumba pa njinga yawo kupita kumsewu, kuti Loweruka akasiye kadenguko pansi pa kauntala. Iye anawaimbira a Swaibu madzulo ake, n'kuyamba ndi kufunsa za a Mwanasha.

Lolemba anapereka lipoti. A Swaibu akufuna matumba monga mwa nthawi zonse. Ndipo akuti masiku onsewa samagona bwino, kufufuza chimene anawalakwira a Mateyu kuti mpaka awatumizire mlendo ndi matumba ouma, opanda kadengu. Akuti abwera kudzaona bondolo.

"Alipo enanso a kadengu?" anafunsa Thandie.

A Mateyu anayamba kuwatchula. Dalaivala wina samva bwino khutu lakumanzere, ndiye osamukalipira akafunsa kawiri. Mayi wina wa kwa Nthache amagula aang'onoang'ono okagulitsa pa sukulu, thumba lake lizidzaza mpaka kukana kumangika. Mlonda wa pa siteji azilandira awiriawiri a ana ake.

A Deliwe anaima ndi tsache m'manja. Za mlondayo ndi za mayi wa kwa Nthache sanazimvepo n'kale lonse, chikhalirecho m'nyumba imodzi. Anafuna kuponya kamawu kena kowaseka, koma sikanabwere. Anayamika Mulungu mumtima, anatsamiritsa tsache kukhoma, napita kukawatenthetsera madzi othowera bondo.