Nsalu Yofiira pa Denga la ku Okhare

Chingwe cha katungwe wa m'mudzi wa Sallidanda ankapota ndi a Tekbir, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mwini chingweyo katungwe amamuopa. Chikondwerero cha Dashain chikayandikira, iwo ankatsikira kuphedi kukamweta udzu, n'kuuyanika, n'kukhala pabwalo kupota chingwe chonenepa ngati mkono wa munthu. Anzawo ankadula nsungwi zinayi zazitali, n'kuzizika pachitunda cha kumtunda kwa mudzi, n'kuzimanga kunsonga. Ntchito ikatha, a Tekbir ankakoka chingwecho kuti amve kulimba kwake, kenako n'kukaima patali, manja kumbuyo.

Mwambo umati pa Dashain munthu aliyense asiyane ndi nthaka, ngakhale kamodzi kokha pachaka. A Tekbir mwambowo ankausunga m'njira yawoyawo. Ankakhala pathabwa la katungwe, n'kukweza mapazi pang'ono moti ngakhale mwanapiye sakanadutsa pansi pake, n'kutsika. Munthu wake anali woti chizungulire chimam'gwira ali pamakwerero a khola la njati zawo zoweta.

Akazi awo, a Tulasa, anali ena. Iwo ankakwera choimirira, n'kupalasa mpaka nsungwi kulira, ana kuthawa. Kwawo kunali ku Okhare, tsidya lina la chigwa, mudzi wobisika kuseri kwa phiri. Ankati katungwe akafika pamwamba penipeni, denga la nyumba imene anabadwira limaoneka, ndipo padengapo pamakhala nsalu yofiira. Anayambitsa ndi mayi awo chaka chimene anawakwatitsa, kuti mwana wawo akakwera katungwe azidziwa kuti kwawo akumudikira. Mayiwo atamwalira, mlongo wawo Khem anapitiriza.

"Bodza lenileni," ankatero a Tekbir. "Mumangoona mitambo inu."

"Kwerani mudzionere."

Nkhani inkathera pomwepo chaka ndi chaka.

Chaka chimenechi zinthu zinasintha. M'nyengo ya mvula a Tulasa anagwa akumwetera njati udzu, ndipo mbali yonse ya kumanzere inafa. Pakamwa panabwerera, mwatsoka la a Tekbir, koma mkono ndi mwendo ayi. Maso nawo anali atayamba kale kuchita ng'ala. Pa Dashain akazi okwatiwa amapita kwawo kukapakidwa mpunga wofiira pamphumi, koma njira ya ku Okhare imatsetsereka mpaka kumtsinje n'kukweranso, ndipo panalibe amene akanawanyamula ulendo wonsewo. Anyamata a m'mudzimo, pamodzi ndi mwana wawo Yubaraj, anali ku Qatar ndi ku Malaysia. Pakhomo panali mpongozi wawo Sabitra yekha, naye ali woyembekezera.

M'mawa wa tsiku lalikulu a Tulasa anavala bulauzi yawo yabwino, Sabitra akuwathandiza, n'kuitana amuna awo.

"Bambo a Yubaraj, tengani dengu lija mundiberekere ku katungwe."

"Mukakataniko? Muli ndi dzanja limodzi."

"Inu muli nawo awiri, mwachita nawo chiyani pakatungwe? Tengani dengu."

A Tekbir anayala bulangete m'dengu lonyamulira udzu, n'kuwakhazikamo, n'kukoleka lamba wake pamphumi. Anadabwa ndi kupepuka kwawo, ndipo mtima unawapweteka. Anangoyamba kukwera masitepe amiyala, Sabitra akutsatira pang'onopang'ono.

Kunja kunali kowala bwino, monga kumakhalira mvula ikangotha. Mapiri a chipale chofewa anaima mbee kumpoto, mpunga m'minda yam'mapedi unali utayamba kucha, ndipo ana ankaulutsa makaiti awo pachitunda. Pakatungwe panali podzaza amayi, ana ndi nkhalamba, aliyense mphumi ili psuu.

Woyamba kuwaona anali Jagat, mnzawo wa a Tekbir, mmodzi mwa odula nsungwi aja, amene m'mawa womwewo anali atalawako kale kachasu wa mawere.

"Taonani, taonani! Tekbir wakwatiranso, akubwera naye mkwatibwi m'dengu!"

"Wakwatira yemwe uja, alamu," anayankha a Tulasa ali m'dengumo. "Wina angamulole ndani?"

Anthu anaseka, nawapatsa mpata. Koma atawakhazika pathabwa, vuto linaonekera poyera. Dzanja lamanja linagwira chingwe bwinobwino, lamanzere linangoti lende, ndipo thupi linkapendekera mbali yomweyo. Amayi anakambirana, nagwirizana kuti wina aime pathabwa kumbuyo kwawo, a Tulasa awamangirire kumiyendo yake ndi nsalu yaitali ya m'chiuno. Ana anali ochepa mphamvu. Sabitra anati ayesa, amayi onse anamukalipira nthawi imodzi. Amayi enawo ankaopa kuti akagwa nawo wodwala adzayankha chiyani.

"Ndikwera ndine," anatero Jagat, akuvula chipewa.

A Tulasa anakana. "Ine kundimangirira kumiyendo ya mwamuna wa mwini, anthu onsewa akuona? Komanso fungo limenelo lingandigwetse tisananyamuke."

Maso onse anatembenukira kwa a Tekbir, amene anali ataima kale pamalo pawo pa chaka chilichonse, manja kumbuyo. Iwo anayesa nzeru yomaliza.

"Mayi a Yubaraj, mwambo mwaukwaniritsa kale. Kuchokera kunyumba mpaka kuno phazi lanu silinaponde pansi."

"Sindinabwerere mwambo ine," anatero a Tulasa, ndipo ulendo uno sankaseka. "Khem anamva kuti sindiyenda. Ndikufuna ndione ngati wayalabe nsalu ija. Chaka chamawa sindikudziwa ngati mudzakhala ndi munthu wobereka m'dengu."

A Tekbir anavula nsapato zawo, n'kuziika pambali mosamala ngati munthu wopita kutali, n'kukwera pathabwa. Amayi anazunguliza nsalu pachifuwa cha a Tulasa ndi kuseri kwa mawondo a amuna awo, n'kumanga mfundo ziwiri.

"Chingwechi n'cholimba?" anafunsa a Tekbir.

"Ukufunsa ife? Wapota ndani?" anatero Jagat. "Gwira zolimba, nkhalamba. Katungwe n'kukankhana, lero ndikubwezera zingwe watipotera zaka zonse zija."

Anakankha. A Tekbir anatsinzina nthawi yomweyo. Ankangomva mphepo m'makutu ndi nsungwi zikulira. Akazi awo ankalamula ngati akuphunzitsa ng'ombe kulima.

"Pindani mawondo. Tsopano wongolani. Osati choncho, mukulimbana naye katungwe! Dikirani abwerere. Eya, tsopano!"

Pang'ono ndi pang'ono miyendo inagwira nzeru. Mawu a anthu anayamba kumveka pansi, kenako kumbuyo, kenako pansi. Ana ankakuwa kuti agogo akuuluka. Thukuta linkatsika m'khosi mwa a Tekbir, ndipo mumtima ankatchula milungu yonse imene ankaidziwa, ngakhale ya anthu a mitundu ina.

Kenako a Tulasa anasiya kulamula. Katungwe anapita, nabwera, napitanso.

"Tafika?" anafunsa a Tekbir. "Mwaliona? Titsike?"

"Tafika. Apa ndi pomwe ndimafika. Koma sindikuona kanthu, bambo a Yubaraj. Kutsidya konse kwangoti mbuu."

Mawu awo anali a munthu wofuna kulira, ndipo a Tekbir anali asanawamvepo akulankhula choncho, ngakhale tsiku limene anagwa kuudzu.

"Tsegulani maso mundionere."

"Ndani wati ndatsinzina?"

"Mawondo anu akundiuza kumsana kuno. Tsegulani. Muyang'ane kumanja kwa mtengo wouma uja wa paphiri, tikafika pamwamba."

A Tekbir anatsegula. Poyamba anaona zimene ankaziopa moyo wawo wonse: nthaka ikuthawa, mitu ya anthu ili ting'onoting'ono, chigwa chonse chitayasama kunsi kwa mapazi awo. Anafuna kutsinzinanso, koma katungwe anali akukwera kale. Phiri la kutsogolo linatsika pang'onopang'ono, mtengo wouma unadutsa, ndipo kuseri kwake kunatulukira madenga angapo amiyala. Lachiwiri kuchokera kumtunda linali ndi kadontho kofiira. Kanaoneka kanthawi kochepa, phiri n'kukaphimbanso.

"Nanga?" anafunsa a Tulasa. "Musandinamize. Ngati palibe, nenani kuti palibe."

A Tekbir anadikira katungwe abwerere kuti aonetsetse. Anapinda mawondo okha, osauzidwa.

"Ilipo," anatero. "Nsalu ilipo. Aitsendereza ndi miyala m'makona. Ndipo utsi ukutuluka, akuphika."

Anamva msana wa akazi awo ukugwedezeka pamiyendo pawo, osadziwa ngati akuseka kapena akulira. Mwina zinali zonse ziwiri.

"Ndiye ndinkanama?"

"Simunkanama."

Manyazi anawagwira a Tekbir, ndi chisoni chomwe. Zaka zonsezo mkazi wawo ankakwera yekha kukaona kwawo, n'kutsika ndi nkhani yoti auze munthu, munthuyo n'kumuyankha za mitambo.

Pansi paja Jagat anaona kuti nkhope ya mnzake yatuwa, ndipo anatambasula manja kuti agwire chingwe katungwe akamadutsa.

"Basi, zakwana! Tsika usanatisanzire pamutu!"

"Chotsa manja ako!" anakuwa a Tekbir. "Kankha!"

Jagat anayang'ana amayi aja, amayi nawo anayang'anana. Kenako analavulira m'manja, n'kukankha.

"Pali chimanga chopachika pakhonde," a Tekbir ankanena, maso ali tong'o. "Pabwalo pali munthu, wavala zoyera. Waima, akuyang'ana kuno."

"Ndi Khem ameneyo," anatero a Tulasa. "Kwezani dzanja akuoneni."

"Ndisiye chingwe?"

"Limodzi lokha. Ine langa lili pachingwe, linalo mukulidziwa."

Katungwe atafikanso pamwamba, a Tekbir anasiya chingwe cha kumanzere, n'kukweza dzanja m'malo mwa la akazi awo.